Amaoneka pachithunzi ndi amene ali kunja kwa mpanda

Ntchito yanga ndi yogulitsa nyumba za anthu komanso kuzipezera ochita lendi, kumpoto kwa Johannesburg, madera a Randburg ndi Northcliff. Masiku ano wogula sayamba n'kuimba foni. Akaona nyumba pa intaneti amafufuza msewu wake pa Google Maps, n'kukoka kamunthu kachikasu kaja kukaponya pamsewupo, basi wayamba kuyendera dera lonse ali khale pampando kwawo. Pobwera kudzakumana nafe amakhala akudziwa kale kuti mpanda wa aneba unang'aluka ndiponso kuti pakona pali bala. Zithunzi za misewu zimenezi, zotchedwa Street View, zimajambulidwa ndi galimoto ya Google yokhala ndi kamera padenga; zinafika kuno mu June 2010, mpikisano wa World Cup utatsala pang'ono kuyamba, ndipo ife amene tinalowa ntchitoyi pambuyo pake sitidziwa kugulitsa nyumba popanda zithunzi zimenezi.

Lolemba ndinatanganidwa ndi nyumba ina imene ikuvuta kugulitsa. Nyumba ndi yabwino, mtengo si woboola m'thumba, koma ukaifufuza pa Street View umangoona mbuu, pamene nyumba za mbali zonse zikuoneka bwinobwino. Mwini wake wakale ndiye anapempha a Google kuti aiphimbe. Bambo amene akugulitsa panowa anaigula ili choncho, ndipo sanalabadire mpaka pamene ofuna kugula anayamba kufunsa kuti akubisa chiyani. Wina anafika pofunsa ngati munachitikapo zaupandu. Bambowa anandiuza kuti ndilembe kalata kuti ayiphundukule, ndipo ndinawayankha zimene Google imanena poyera kwa aliyense wodzaza fomu yopempha kuphimba nyumba: akaphimba aphimba, sabwezanso. Munthu angathe kusamuka, kumwalira kumene, koma mbuu ujayo amatsala ndi nyumba.

Ku Germany nkhaniyi inakula kwambiri. Mu 2010, zithunzi za mizinda 20 zisanatuluke, mabanja oposa 244,000 anapempha kuti nyumba zawo ziphimbidwe. Pamdadada wa mafulati munthu mmodzi akapempha, mdadada wonse unkaphimbidwa, ena onse okhalamo afune asafune. Google inagwa ulesi n'kusiya kutulutsa zithunzi zatsopano za dzikolo kwa zaka zoposa khumi, mpaka mu 2023. Ndinawafotokozera bambowa zimenezi kuti aone kuti sali okha, koma sizinawatonthoze. Tinagwirizana kuti ndijambule ndekha kutsogolo kwa nyumbayo ndi msewu wake n'kuika pamodzi ndi zithunzi zina.

Lachiwiri kunalibe zambiri: giza inaphulika kwa ochita lendi ena, ndipo tsiku linathera pa foni ndi pulambala ndi a inshuwalansi.

Lachitatu kunabwera za mtundu wina. Kasitomala watsopano, amene akufuna kugulitsa nyumba yake, anati tisanaike chikwangwani ayambe waiphimbitsa chifukwa mbava zimaonerapo pomwe pali kamera, pomwe waya wamagetsi wathera, ndi mtundu wa injini ya geti. Mantha ake si opusa. Kamera ya galimoto ija imakhala pamwamba kuposa mutu wa munthu woyenda pansi, choncho imasuzumira kuseri kwa mpanda umene unamangidwa poganizira maso a odutsa. Ku Japan anthu atadandaula mu 2009, Google inatsitsa makamera ake ndi masentimita 40 n'kujambulanso. Ku Argentina, mu 2025, khoti linalamula kuti ilipire bambo wina amene anajambulidwa ali mbulanda pabwalo la nyumba yake yomwe, kuseri kwa mpanda wa mamita awiri. Koma kasitomala wanga wa Lachitatuyu ndi yemweyo amene ananditumizira zithunzi zambirimbiri zoti ndiike pa intaneti, zoonetsa chipinda chogona, TV yaikulu pabalaza, kabokosi ka alamu pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, ngakhale makiyi a galimoto ali lende pakhoma. Zimene mbava ingaphunzire pa zithunzi zathu ife ogulitsa nyumba zimaposa kutali zimene galimoto yodutsa pamsewu ingaone. Ndinachotsa zina, ndipo za kuphimbitsazo ndinamuuza ayambe wamva nkhani ya Lolemba ija. Akuganizabe.

Nkhani imene yandikhala pamtima ndi ya Lachinayi.

Pali nyumba ina imene timayang'anira, mwini wake ndi mayi amene anasamukira kunja n'kusiya anthu a lendi. Kapinga ndi maluwa amasamalira ndi bambo ena achikulire ochokera ku Mangochi, amene amabwera masiku ena pamlungu, ndipo malipiro awo amadzera ku ofesi kwathu. M'mawa ndinapeza uthenga wa mayiwo pa WhatsApp, ndi chithunzi chochokera pa Street View. Pachithunzipo pali munthu wovala ovolosi yobiriwira ndi chipewa cha mlaza, wakhala pakapinga ka m'mbali mwa msewu, wilibala ili pageti la aneba. Nkhope ndi mbuu monga mwa nthawi zonse, pakuti makina awo akhala akuphimba nkhope za anthu kuyambira 2008. Koma wodziwa bambowa sangafunse kawiri. Chipewa ndi chomwecho, kakhalidwe ndi komweko, mwendo umodzi atautambasula chifukwa cha bondo limene limawavuta. Mayiwo ankafuna ndiwadule malipiro, ati akugwirira ntchito aneba pa nthawi imene iwo akulipira, ndi wilibala yawo.

Pansi pa chithunzi chilichonse cha Street View pamalembedwa mwezi ndi chaka, basi. Tsiku palibe, ola palibe. Chithunzicho chinali cha kale ndithu, ndipo bambowa amagwira maganyu m'nyumba zingapo za msewu womwewo, zimene aliyense akudziwa. Wilibala nayo ilibe dzina. Ndinalemba zonsezi mwaulemu n'kutumiza, kenako masana ndinapita kukaonana ndi eni nkhani.

Ndinawapeza akudulira mpanda wa maluwa. Nditawaonetsa foni anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, ameneyu ndine. Anandijambula ndani?"

"Ndi galimoto, bambo. Imayenda m'misewu ndi kamera padenga."

"Osandiuza?"

"Siuza munthu. Imangodutsa."

"Ndiye aliyense akhoza kundiona? Ngakhale kumudzi?"

Ndinati inde, aliyense amene ali ndi foni ndi bandulo, akangodziwa dzina la msewu. Anaseka pang'ono, akuti bola akanavala nsapato zabwino. Kenako anasiya kuseka n'kufunsa ngati mabwana ena onse a msewuwo aona, ndiponso ngati ntchito yatha. Za malipiro ndinali ndisanatchule n'komwe, koma munthu amene wagwira ntchito m'mayadi a anthu zaka zambiri amadziwa chimene chithunzi chake chimatanthauza chikafika m'manja mwa bwana.

Pobwerera ndinaima pambali n'kuyenda msewu wonsewo pafoni, nyumba ndi nyumba. Eni nyumba mulibemo. Iwo amatuluka pagalimoto, geti n'kudzitsekera lokha m'mbuyo, ndipo nambala ya galimotoyo imaphimbidwa. Olemera kwenikweni amakhala m'maesiteti otchingidwa, mmene misewu ndi yawoyawo ndipo galimoto ya kamera silowa popanda chilolezo. Amene ali pazithunzi ndi mayi wolera mwana akukankha pulema, mlonda pakanyumba kake, anyamata okoka matroli a mabotolo ndi makatoni, amuna odikira ganyu pakona. Ambiri mwa iwo ndi anthu akwathu, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, a ku Lesotho. Amene amadandaula kwambiri za zithunzizi ndi okhala mkati mwa mpanda, ndipo ndi iwonso amadziwa pokadandaula. Ine kuntchito lamulo la dziko lino loteteza zinsinsi za anthu, la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limandikakamiza kusunga mosamala chiphaso ndi nambala ya foni ya kasitomala aliyense, ndipo timachita kuphunzitsidwa za zimenezi. Bambo a ku Mangochi aja palibe anawauzapo kuti pakona ya chithunzi pali mawu akuti "Report a problem", pomwe munthu angapemphe kuti amuphimbe thupi lonse.

Lachisanu ndinabwererako ndipo tinadzaza fomuyo limodzi pafoni yanga. Imafuna imelo, iwo alibe, ndiye tinaika yanga. Anandiuza ndionetsetse kuti ndasankha iwo okha, ndisakhudze nyumba ya madamu, angadzalowe m'mavuto ena.

Yankho la mayiwo linafika madzulo a tsiku lomwelo. Za kudula malipiro anazisiya, ngakhale sanapepese. Koma anali atatulukira kuti pa Street View munthu angathe kubwerera m'mbuyo n'kuona zithunzi za zaka zapitazo, ndiye anandipempha ndizione zonse, ndiwauze ngati ochita lendi aja ankaimika galimoto pakapinga. Ndinawayankha kuti kuyendera nyumba timachita pa nthawi imene inalembedwa m'pangano la lendi, titawadziwitsa okhalamo, ndipo ulendo wotsatira ndi mwezi wamawa.