Opaleshoni ndi ya mtima, koma osaiwala mapapo

Wachibale akamapita ku India kukapangidwa opaleshoni ya mtima tonse timangopempherera mtimawo basi. Komatu abale anga, munthu akachedwa kutuluka mu ICU kawirikawiri amakhala kuti mapapo ndi amene avuta.

Akafuna kusintha valavu ya mumtima kapena kukonza aorta, mtsempha waukulu uja wochoka mumtima, madokotala amauimitsa kaye mtimawo n'kumulumikiza munthu ku makina opopa magazi, amene John Gibbon anayamba kupulumutsa nawo munthu mu 1953 ku Philadelphia. Makinawo ndi amene amathira oxygen m'magazi ndiye mapapo amangoti phwaa osagwira ntchito, magazi akungofikamo pang'ono chabe, timatumba tampweya timamatana, komanso magazi akamadutsa m'mapaipi apulasitiki thupi limayamba kulimbana nazo mpaka mapapo kutupa n'kusunga madzi. Ikakhala aorta yotsikira chakumsana ndiye zimakula, amacheka m'nthiti kumanzere n'kuphwetsa dala phapo lakumanzere, munthu n'kumapumira limodzi kwa maola.

Nde madokotala ogonetsa aja amasamala heve. Pa ventileta, makina othandiza munthu kupuma, sapopa mpweya wambiri ayi, amapereka 6 mpaka 8 ml pa kilogalamu iliyonse ya thupi la wodwalayo, n'kusiyako kampweya kotsalira kotchedwa PEEP kuti timatumba tija tisatsekeke. Madiripu ndi magazi owonjezera amayeza bwino, zikachuluka zimakathera m'mapapo momwemo. Ndipo chubu chopumira chapakhosi amafuna chichoke msanga.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi mbali yathu ifeyo. Munthu anadwalapo TB kapena ali ndi mphumu koma kwa adokotala zii, ati angamubweze. Chonde nenani, mapapo amene anadwalapo TB amakhala ndi zipsera ndipo akadziwa amakonzekera. Fodya siyani kutatsala masabata 4 kapena kuposa kuti mupangidwe opaleshoni, osati dzulo lake.

Ndiye inu magadiyani, a fizio, othandiza odwala kuchita mafizo, akabwera mawa lake la opaleshoni kudzamudzutsa wodwala musamati "musiyeni agone akumva kuwawa". Inde zikuwawa, fupa la pachifuwa analicheka n'kulimanga ndi mawaya, koma kugona chigonere makhololo amaundana kenako chibayo chija chabwera. Mupatseni pilo akumbatire pachifuwa atsokomole, azikoka mpweya pa kachida ka timipira kothandiza kutsegula mapapo pafupipafupi, akhale pa mpando, ayendeko pang'ono. Ngati ululu ukumulepheretsa kutsokomola kauzeni anesi amuwonjezere mankhwala, osamangoti apirire.