Momwe chikondwerero cha Cineffable chimayendera

Cineffable, chikondwerero chomwe chinayamba mu 1989 ku Paris, chimaonetsa mafilimu a akazi okondana ndi akazi anzawo komanso omenyera ufulu wa amayi. Chimachitika kwa masiku ochepa chakumapeto kwa Okutobala, ndipo olowa muholo ndi akazi okhaokha.

Okonza onse ndi ongodzipereka. Ndalama zimachokera kwambiri ku makhadi a umembala, matikiti ndi zakudya zogulitsidwa pamalopo. Povuta ndi apa: ndalamazo zimabwera pa masiku a chikondwerero, chonsecho holo, makina oonetsera ndi chilolezo cha eni mafilimu zimafunika kukonzeratu.

Chaka chonse amaonera ndi kusankha mafilimu, kenako n'kuwalembera mawu a Chifalansa m'munsi. Filimu ikangofika mochedwa, omasulira amachezera usiku.