Buku lakale limene lidasintha bizinesi yathu

Ntchito imene ine ndi mkazi wanga timagwira ndi yothandiza mabanja kukonza ulendo wa kumapaki a zisangalalo, makamaka a mumzinda wa Orlando ku Florida, kumene kuli Walt Disney World ndi Universal. Sitigulitsa matikiti a ndege kapena kusungitsa zipinda m'mahotela; chimene timagulitsa ndi dongosolo la masiku, losonyeza paki imene banja lilowe tsiku lililonse, nthawi yofikira pachipata, zokwera zoti liyambire ndi nthawi yopumitsa ana. Makasitomala ambiri amadabwa akamva kuti chida chathu chachikulu ndi shelefu ya mabuku otsogolera apaulendo, ndiponso kuti chimene chatisunga pa bizinesiyi ndi kudziwa buku loyenera kulikhulupirira.

Lusoli tidaliphunzira mowawa. Banja lina mwa mabanja oyamba kutidalira lidanyamuka kumayambiriro kwa 2022 ndi dongosolo limene tidalemba potengera buku lomwe tidakhala nalo kwa zaka zingapo. Bukulo linkanena kuti ogona m'mahotela a Disney amatengedwa ndi basi yaulere pabwalo la ndege la Orlando, ndiponso kuti angathe kusungitsiratu malo pa zokwera zitatu patsiku popanda kulipira, kudzera mu FastPass+. Zonsezi zidali zoona pamene bukulo linkasindikizidwa, koma basiyo, yotchedwa Magical Express, idaleka kunyamula ofika pa 1 Januwale 2022, ndipo mu Okutobala 2021 m'malo mwa FastPass+ mudali mutalowa Genie+, yomwe idali yolipira. Banjalo lidatera usiku, ana awiri atatoperatu, n'kumafunafuna basi imene kudalibenso. Wolakwa sadali wolemba bukulo kapena eni paki, koma ife amene sitidayang'ane chaka chimene bukulo lidatuluka. Tidawabwezera ndalama zawo zonse, ndipo kwa milungu ingapo sitidalandire kasitomala wina mpaka titalembanso dongosolo lililonse limene tidali nalo.

Kuchokera pamenepo, chinthu choyamba chimene timatsegula m'buku ndi tsamba losonyeza chaka chimene lidasindikizidwa, pokumbukira kuti buku lolembedwa chaka chakutichakuti pachikuto nthawi zambiri limakhala litasindikizidwa chaka cham'mbuyo. Mapakiwa amasintha mofulumira kwambiri. Genie+ imene idatisokoneza ija nayonso idachoka mu Julayi 2024, m'malo mwake n'kubwera Lightning Lane Multi Pass. Chokwera chotchedwa Splash Mountain chidatsekedwa mu Januwale 2023, ndipo pamalo pake padatsegulidwa Tiana's Bayou Adventure mu Juni 2024. Buku limene lapitirira chaka chimodzi timalisunga chifukwa cha mbiri chabe.

Funso lachiwiri, limene timalikambirana nthawi yaitali ndi makasitomala athu, ndi lakuti bukulo adalemba ndani. Pali mabuku ovomerezedwa ndi eni paki, ndipo pali ena olembedwa ndi anthu oima paokha. Ovomerezedwawo amakhala ndi zithunzi zokongola ndi mapu omveka, ndipo timawalimbikitsa kwa makolo amene akufuna kuti ana aziona okha kumene akupita. Mwana amene waona chithunzi cha sitima yothamanga yokwera ndi kutsika ali kunyumba amanena msanga ngati akuiopa, zimene zimapulumutsa banja ku misozi ya pamzere. Koma buku loterolo silingakuuzeni kuti chokwera chakuti si choyenera kuchiimira ola lathunthu padzuwa, popeza kwa ilo chilichonse n'chabwino. Olemba oima paokha ndi amene amatchula zotere mosabisa, ndipo abwino mwa iwo amayeza kutalika kwa mizere pa maola osiyanasiyana n'kukonza ndondomeko ya kayendedwe: kufika chipata chisanatsegulidwe, kuyambira chokwera chimene anthu amachikonda kwambiri mzere usanatalike, kenako kusiya zisudzo za m'nyumba zozizira kuti zikhale za masana. Ine ndimakhulupirira kuti banja limene lingakwanitse buku limodzi lokha ligule la mtundu umenewu, ngakhale limakhala lokhuthala ndi losakopa m'maso, chifukwa tsiku la m'paki limathera pamzere kuposa pa china chilichonse.

Timayang'ananso ngati bukulo limaganizira ana aang'ono. Liyenera kutchula msinkhu wofunika pa chokwera chilichonse: ku Magic Kingdom, imodzi mwa mapaki a Walt Disney World, Seven Dwarfs Mine Train imafuna masentimita 97, Space Mountain 112, pamene TRON Lightcycle / Run imafuna 122, ndipo ogwira ntchito pakhomo amamuyeza mwanayo pomwepo. Liyeneranso kufotokoza za Rider Switch, njira imene imalola kholo limodzi kutsala ndi mwana wosafika msinkhu, kenako n'kukwera popanda kuyambiranso mzere, komanso kukumbutsa kuti malo m'malesitilanti a Disney amayamba kusungitsidwa kutatsala masiku 60. Buku limene silinena kanthu za kutentha ndi mvula yamabingu imene imagwa kawirikawiri masana ku Florida kuyambira Juni mpaka Seputembala timalibweza pashelefu, popeza limaoneka kuti wolemba wake sadayendepo ndi mwana nyengo imeneyo.

Mabuku atsopano akatuluka, timakhala patebulo, mkazi wanga ndi lakale, ine ndi latsopano, n'kumachonga ndi cholembera chofiira paliponse pamene pasintha. Kutatsala mlungu umodzi kuti banja linyamuke, timafananitsanso dongosolo lonse ndi zimene eni paki alemba pa intaneti, makamaka maola otsegulira ndi zokwera zimene zatsekedwa kuti zikonzedwe, ndipo banjalo timalipatsa masamba ochepa okwana m'thumba m'malo mwa buku lolemera. Ntchito imene yatichulukira panopa ndi ya Epic Universe, paki ya zigawo zisanu imene Universal idatsegula pa 22 Meyi 2025, chifukwa mabanja amene ali ndi masiku asanu okha akutifunsa kuti achotse paki iti kuti yatsopanoyi ipeze malo, ndipo yankho lake timalipereka titamva kaye zaka ndi msinkhu wa ana awo.