Tsiku lomwe Maule anagoletsa m'Chipwitikizi

Ine ndine mkamwini. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti inu odziwa moyo wa kuno ku Mulanje mumvetse msanga kukula kwa ngozi yomwe inandigwera. Munthu ukalakwa kwanu, abale amakubisira. Ukalakwa kuchikamwini, nkhani imafika pamjigo iwe usanasukusule n'komwe.

Pakhomo pathu panali kawayilesi kakale komwe tinkakamanga ndi mphira ya njinga kuti mabatire asathawe. Kanali kokalamba moti kuti kayankhule kankafuna kaye mbama imodzi kumsana. Tsiku lina mbama inakula, ndipo kanangoti zii mpaka lero. Amake Mphatso sanachedwe kulamula. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene mafoni onse anazima, misewu n'kuduka, ife n'kumamvera kawayilesi komweko kuti tidziwe zomwe zikuchitika ku Phalombe ndi ku Blantyre, mayiwa salola kuti nyumba igone yopanda wayilesi. Nditagulitsa zinanazi anandiwerengera ndalama m'manja, n'kundiuza zofunika mwachindunji: ikhale yopepuka yoti munthu n'kupita nayo kudimba, ikhale ya sola kuti tisamalimbane ndi mabatire, ikhalenso ndi tochi.

"Mwamva, bambo a Mphatso?"

"Ndamva. Kodi wayilesi n'kuchitanso kundiphunzitsa?"

Tsiku la msika ndinakwera kabaza wa ku Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza, komwe katundu wa ku Malawi ndi wa ku Mozambique amasakanikirana ngati nyemba za m'thumba limodzi. Mawayilesi omwe anandituma analipo mbwee: tating'onoting'ono, tofiira, tobiriwira, tokhala ndi kagalasi ka sola kumsana, ena olowa memori khadi. Ndinanyamula kamodzi, n'kupeza kuti n'kopepuka ngati mtanda wa sopo. Mtima unakana. Munthu wa ana atatu, wodziwika mudzi wonse kuti ndimatsata za dziko, n'kumayenda ndi kanthu kooneka ngati choseweretsa cha mwana wa kumkaka?

Apa mpamene Satana anandilozera kumapeto kwa mzere, komwe mnyamata wina anayala katundu wa kaunjika pachiguduli. Pakati pa nsimbi zakale ndi mawaya panali chiwayilesi chakuda, chachikulu, cha masipika awiri ngati maso a kadzidzi, chogwirira chake chachitsulo, eliyo yake yotalika kuposa mkono wanga.

"Bwana mkubwa, mwaona bwino. Iyi si ya masewera ayi. Iyi ndi ya ku Japan yeniyeni, onani zilembo."

Zilembo zinalipodi, zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku pamatope, ndipo sindinawerengepo ngakhale chimodzi. Kwa ine umenewo unali umboni wokwanira. Anaikamo mabatire akuluakulu asanu ndi limodzi, n'kupotokola batani pang'ono, nyimbo ya kwaya n'kuphulika mpaka mayi wogulitsa usipa pafupi anatembenuka. Ndinafunsa za sola, iye anati za sola n'za anthu osauka. Ndinafunsa za tochi, iye anati munthu wokhala ndi wayilesi yotere amagona msanga, sayenda usiku. Mayankho onsewa ndinawaona kuti ndi anzeru. Ndinapereka K28,000, mabatire ndinagula padera, ndalama ya kabaza inathera pomwepo, ndipo ndinabwerera wapansi chiwayilesi chili paphewa ngati ndanyamula mbuzi ya chiwongo.

Amake Mphatso anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Sola ili pati?"

"Ili m'kati. Za ku Japan saonetsera."

Sabata yoyamba chiwayilesicho chinkagwira siteshoni imodzi yokha, ya mapemphero. Mbandakucha ulaliki, masana kwaya, usiku maumboni. Ndikapotokola batani kupita kumanja, kasingano kankayenda pang'ono n'kuima gwa, ngati bulu wokana mtolo. Mayiwa atafuna Zokonda Amayi ndinawauza kuti wayilesi ikuzolowera kaye nyengo, poti yachokera kutali. Atafuna Nkhani za M'maboma ndinaloza phiri. Pamenepa pokha ndiye sindinaname kwenikweni, chifukwa mafunde a FM amayenda molunjika ngati kuwala, ndipo ife timakhala m'tsinde mwa chimwala chomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Pali malo ena kuno oti wayilesi imamveka bwino ukaima pachulu, ukatsika n'kusanduka mvula. Choncho ndinadula nsungwi yaitali, n'kumangirirapo waya wochokera ku eliyo, n'kuizika pakati pa dimba. Anthu odutsa ankafunsa ngati ndatsegula nyumba youlutsira mawu. M'busa wa pa siteshoni ija anayamba kumveka bwino kwambiri kuposa kale.

Mabatire nawo, asanu ndi limodzi aja, anatha pa masiku anayi. Ndinawayanika padzuwa pamwamba pa khola la nkhunda monga tonse timachitira, ndipo amake Mphatso podutsa anangoti, "Oho, sola ija ndi imeneyi."

Munthu wanzeru akanaimira pomwepa. Koma kunali kukubwera mpira wa Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, ndipo ine, Maule wa m'magazi, ndinali nditalengeza kale kubawo kuti aliyense adzamvere kudimba kwanga, pa wayilesi ya ku Japan. Aneba athu, bambo a Esinati, ndi a Noma osachiritsika. Tinapangana pamaso pa mboni: Maule akatsogola ndi zigoli ziwiri, tambala wawo wofiira uja adyedwa tsiku lomwelo. Manoma akatero, ine ndipereka nkhunda zinayi.

Tsikulo linafika ndi chiperoni, kamvula kaja kowaza ngati ufa komwe kamabwera ndi mphepo yozizira kuchokera ku Mozambique. Anthu anabwerabe. Alamu anga awiri, anyamata othyola tiyi ku esiteti, bambo a Esinati atavala malaya abuluu, ndiponso, mwatsoka langa, apongozi anga aamuna. Mkuluyu sakonda mpira. Kunyumba kwawo amasunga chigoba cha wayilesi ya Nzeru, zija ankapanga ku Blantyre kalekale, ndipo ngakhale chinasiya kuyankhula ine ndisanakwatire, amachipukutabe Loweruka lililonse. Anati abwera kudzaona "chodabwitsa cha apongozi". Ndinawapatsa mpando wokhawo womwe unalipo ndi chipanda cha thobwa, ine n'kunjuta chapatali monga mwa ulemu.

Nthawi itakwana ndinatsegula. M'busa. Ndinapotokola. Phokoso la mvula. Ndinapotokolanso, kasingano gwa. Anthu khumi ndi awiri ali chete kundiyang'ana, ine thukuta kamukamu pakati pa chiperoni. Ndinaona kabatani kena kam'mbali kolembedwa AM, n'kukakankha mongotaya. Mafunde a AM ndi osiyana ndi anzake aja, amakwawa ndi nthaka n'kuzungulira mapiri, ndiye amafika kutali. Kunamveka kulira kwa tswiii, kenako phokoso la chikhamu cha anthu, malikhweru, ndi munthu akuyankhula mothamanga ngati akuthawa njuchi. Mpira! Koma chiyankhulo chake sichinali Chichewa. Sichinali Chingerezi. Sichinali ngakhale Chilomwe.

"Alamu, chimenechi n'chiyani?"

Pakamwa panga panayankha mutu usanavomereze. "Ndi mpira womwewo. Wayilesi zakunja zimagwirira ku setilaiti, ndiye mawu amabwera m'Chipwitikizi. Musadandaule, ndizimasulira."

Chipwitikizi chomwe ndimadziwa ine ndi cha kumsika wa ku Milange: bom dia, obrigado, ndi kuwerenga ndalama mpaka khumi. Koma mpira ndi mpira. Woulutsa akakweza mawu, ndinkati Maule akuthamanga nawo. Akatsitsa, ndinkati watuluka kunja. Mnyamata wina anafunsa chifukwa chomwe sitikumva maina a osewera athu, ndipo ndinamuuza kuti maina akalowa m'Chipwitikizi amasintha, monga Yohane amasanduka João. Anagwedeza mutu mokhutira. Ndinayamba kuzolowera ntchitoyo. Ndinapereka kona. Ndinapereka khadi yachikasu kwa wotchinga kumbuyo wa Noma, bambo a Esinati n'kudzuka kukana kuti sanamugunde.

Kenako woulutsa anang'amba kukhosi: "Goloooo!"

Mawu amenewo safuna womasulira. Funso linali loti chalowa mbali iti, ndipo maso onse anali pa ine. Ndinayang'ana malaya abuluu aja, ndinaganiza za nkhunda zanga zinayi.

"Maule!"

Dimba linagwedezeka. Alamu anga anavina mpaka kuponda bedi lonse la mpiru. Patangopita mphindi zochepa, golo wina. Apa ndinayenera kugawa mwachilungamo, chimodzi uku chimodzi uko, nkhani ikanathera m'mwamba. Koma dyera lilibe m'bale. Ndinalumpha n'kukuwa kuti ziwiri kwa duu.

Bambo a Esinati ndi munthu wosunga pangano, ndipo chimenechi ndi chomwe chimandiwawa mpaka pano. Sanatsutse. Ananyamuka mwakachetechete, n'kubwera ndi tambala ali kukhwapa. Ndinayesa kunena kuti tidikire mpira uthe, koma alamu anga anali atatulutsa kale mpeni, wina akusonkha moto pansi pa mtengo wa mapeyala. Tambala anathotholedwa woulutsa akadali pakati pa chiganizo.

Nthawi yonseyi apongozi anali phee pampando, akumwa thobwa pang'onopang'ono, nthawi zina kumwetulira n'kugwedeza mutu kwa wayilesi ngati akumva za m'bale wawo. Ine ndinali nditaiwala chinthu chimodzi chomwe mudzi wonse umadziwa. Mkuluyu anakulira tsidya linalo, ndipo anawoloka Muloza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ija inatha mu 1992. Sukulu yake yonse anaphunzira m'Chipwitikizi.

Anadikira mpaka nyama itapsa. Anadikira mpaka atapatsidwa nthutumba ndi ntchafu monga mkulu wa pamalo. Anadya, anasamba m'manja, anatsuka m'kamwa. Kenako anakhosomola.

"Apongozi, zikomo, ndiwo zakoma. Komatu ndimati ndifunse nawo. Kodi timu yanuyi inasamukira liti ku Maputo?"

Kunangoti zii.

"Chifukwa ine zomwe ndamva apa, akusewera ndi Costa do Sol ndi Ferroviário ya ku Beira. Ndipo zigoli ziwirizo, chimodzi chalowa uku, china uko. Kaya mwina makutu anga akalamba."

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, mwana wa bambo a Esinati anatulukira akuchokera kumsewu, foni ya batani ili kukhutu, waya wa mahedifoni uli lende. Atate ake anamufunsa za ku Kamuzu Stadium. Anati akupita kokapuma, palibe yemwe wagoletsa.

Sindifotokoza zonse zomwe zinayankhulidwa pansi pa mtengo wa mapeyala, poti ena owerenga ndi ana. Bambo a Esinati anatola nthenga imodzi yofiira, n'kuiika m'thumba la malaya, n'kunena kuti tikaonana kwa amfumu. Alamu anga, omwe mafuta a tambala anali akadali pamilomo, ndi omwe anayamba kunena kuti iwo anakayika kuyambira pachiyambi. Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo, ndipo madzulo amenewo ndinachepa mpaka ndikanatha kulowa m'bowo la mabatire.

Kwa amfumu sitinafike. Amake Mphatso anakapepesa ndi tambala wathu, yemwe anali wamkulu kuposa wodyedwayo, kuwonjezapo nkhunda ziwiri za chipukuta misozi.

Lolemba ndinanyamula chiwayilesi kupita nacho kwa wokonza mawayilesi pa Chitakale, ndili ndi chikhulupiriro choti chili ndi matenda. Mkuluyo sanatsegule n'komwe. Anapukuta galasi la kutsogolo ndi chala, n'kundiuza kuti ndiwerenge manambala. Anayambira pa 76, n'kuthera pa 90.

"Yathu FM kuno imayambira pa 87.5 kukafika pa 108. Ku Japan anasankha yawoyawo, ndipo mawayilesi awo akale amathera pa 90 pomwepa. Ndiye inu pa msewu wonse mwagula kachidutswa koyambira 87.5 kufika 90. Simunakwerepo galimoto zobwera kuchokera ku Japan, zija dalaivala amangomvera siteshoni imodzi mpaka ataikitsa kachipangizo kowonjezera manambala?"

Ndinali nditakwerapo kambirimbiri. Ndinkayesa madalaivalawo ndi anthu opemphera.

Anatembenuza chiwayilesicho n'kundionetsanso pena kumbuyo polembedwa 100V. Anati ndithokoze kuti kwathu kulibe magetsi, chifukwa a kuno ndi a 230, ndipo tsiku lomwe ndikanachilumikiza kukhoma chikanatulutsa utsi m'malo mwa kwaya. Ndinamufunsa ngati angachigule. Anaseka mpaka anagwira tebulo.

Mwezi wotsatira amake Mphatso analandira ndalama zawo za banki mkhonde, n'kupita okha ku Limbuli. Anabwera ndi kawayilesi kobiriwira, kopepuka ngati mtanda wa sopo, ka sola kumsana ndi tochi kutsogolo. Ndinaona ndi maso anga akuwerenga manambala pagalasi asanakalowetse m'nyumba, mokweza, kuti ndimve: 87.5 mpaka 108. Kamagwira MBC, Zodiak, Mzati, ndi ena omwe sindinkadziwa kuti alipo. Ndikafuna kupita nako kudimba ndimachita kupempha, ndipo yankho limadalira pulogalamu ya tsikulo.

Chiwayilesi cha ku Japan chili kudimba komweko, ndinachipachika pa nsungwi ija n'kuchiveka jumbo kuti chisanyowe. Chimanga chikayamba kukhwima ndimachigulira mabatire n'kuchitsegula pa AM, ndipo apusi ochokera m'phiri akamva Chipwitikizi amaima patali. Ana a m'mudzi muno sanditchulanso bambo a Mphatso. Ndikamadutsa pamjigo amadikira ndipitirire pang'ono, kenako onse pamodzi: "Goloooo!" Apongozi okha ndi omwe sanasinthe ulemu wawo. Tikakumana m'mawa amavula chipewa, n'kundifunsa mwaulemu kuti Costa do Sol yagona bwanji.