Lachinayi lomwe ndinaswa galasi la Sienta

Pa ntchito yathu ya makiyi masabata ambiri amangodutsa osakumbukika. Yathayi yandisiya ndi mkwiyo womwe mpaka lero sunatsike.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse. Probox ya wogulitsa tomato ku msika wa Wakawaka, zitseko zitakiyika, kiyi ili m'malo mwake, injini ikulira. Passo ku Area 47, mwini wake ataponya makiyi m'buti pamodzi ndi matumba a ufa n'kutseka. Lachitatu bambo wina anandiitanira ku Kanengo ati galimoto yamukana, chonsecho batire ya rimoti ndi yomwe inatha, ndipo sankadziwa kuti m'mimba mwa rimotiyo muli kakiyi kachitsulo kotsekulira chitseko. Konseku ndinayamba ndaona blue book ndi chiphaso cha unzika monga mwa nthawi zonse, kenako n'kugwira ntchito.

Lachinayi masana, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, foni inalira ku ofesi. Mayi wina anali pamalo oimika galimoto pa sitolo ina yaikulu m'tauni muno. Pofuna kulongedza katundu m'buti, anamukhazika mwana wake wa zaka 2 pampando wakumbuyo n'kumupatsa makiyi kuti azisewera nawo, asalire. Atangotseka buti, mwana anadina batani, maloko onse n'kugwa.

Mtsikana wa pafoni anachita zomwe abwana anamuphunzitsa: anatchula mtengo, anafunsa malo, n'kuwauza mayiwo kuti adikire, mmisiri akubwera, asalole aliyense kukhudza galimoto. Mawu oti mkati muli mwana anandipeza ine mochedwa, ndili kale panjira. Njinga yamoto ya kampani inali itaima chifukwa palibe yemwe anakaima pamzere wa mafuta, choncho ndinakwera kabaza, ndipo mumsewu wa Chilambula munali mothina. Kuchokera pomwe foni inalira kufika pomwe ndinatsika pa njinga panadutsa mphindi pafupifupi 35.

Ndinapeza chikhamu cha anthu chitazungulira Sienta. Wina anali atalowetsa kale waya wa hang'ala pampira wa chitseko n'kuung'amba, alonda akukangana, ena ataphimba galasi lakutsogolo ndi makatoni. Mayiwo ankamenya zenera ndi chikhatho akuitana dzina la mwana, mawu atasasa. Ndinasuzumira. Mwanayo sankaliranso. Mutu unali utapendekera paphewa, malaya ali chonyowa, milomo itauma, makiyi atagwera pansi pa mpando.

Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti ndi kathumba kopopa kokanulira chitseko ndi ndodo yaitali yofikira loko mkati, chitseko chotere sichitenga nthawi. Kathumba kathu kanabooka mu Ogasiti. Ndakhala ndikunena sabata ndi sabata, yankho lake n'lakuti ndalama kulibe, tizigwiritsa ntchito timatabwa. Timatabwa timafuna kuleza mtima, kukanula pang'onopang'ono kuti chitseko chisapindike, ndipo nthawi imeneyo ndinalibe.

Ndinati, "Mayi, ndikuswa galasi."

Anangoti, "Iswani achimwene, iswani!"

Mwana anali kumbuyo kumanzere, ndiye ndinapita pazenera la dalaivala, lomwe linali kutali naye. Ndinaika nsonga ya sikuludiraiva pakona yam'munsi n'kumenya ndi sipanala. Galasi la m'mbali likamenyedwa pakati limakana, koma pakona limagonja msanga, ndipo limayoyoka tizidutswa ngati mchere wamibulu. Mpweya womwe unatuluka mmenemo unandiwomba kumaso ngati wa mu uvuni ya njerwa. Pomutulutsa mwanayo thupi linali la moto, lolefuka. Mayi wina wogulitsa nthochi anavula chitenje chapamwamba, tinachinyowetsa ndi madzi a m'botolo n'kumupukuta nacho pamthunzi, ndipo bambo wina anawanyamula pa galimoto yake kuthamangira kuchipatala. Madzulo ndinamva kuti watsitsimuka ndipo akumwa.

Chomwe chikundiwawa ndi ichi. Mphindi zonse zija panali amuna oposa khumi, pafupi pomwepo pali miyala, koma palibe anaswa galasi chifukwa ofesi yathu inawauza kuti adikire. Galimoto yotsekedwa padzuwa imatentha kwambiri m'mphindi zochepa chabe, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu. Funso loyamba pafoni liyenera kukhala lakuti mkati muli ndani. Ngati muli mwana ndipo kunja kukutentha, yankho ndi kuswa galasi lakutali naye nthawi yomweyo, ife tizidzapeza ntchito itatha. Izi ndinazinena kale pamaso pa abwana. Iwo anati tikamauza anthu choncho tizidya chiyani.

Lachisanu m'mawa mwamuna wa mayi uja anabwera ndi mtengo wa galasi, akuti anaitana katswiri kuti asaswe kanthu. Sindikumuweruza kwambiri, iye sanaone nkhope ya mwana wake pazenera paja. Koma abwana, omwe akudziwa bwino za kathumba kaja, anagwirizana naye, n'kunena kuti theka la ndalamazo alidula pa malipiro anga. Ndagwira ntchito imeneyi zaka 11 osakandapo penti ya munthu, ndipo aka n'koyamba kuswa galasi.

Masana ake ndinabwerera pa makina odulira makiyi. Galimoto zambiri zomwe zimachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam zimafika ndi kiyi imodzi yokha, ndipo eni ake akamva mtengo wa kiyi ya chip (kachipangizo kamagetsi komwe galimoto imazindikirira kiyi yake) amathawa. Aliyense wobwera ndinkamuuza kuti adulitse ngakhale yachitsulo chabe. Injini siyilizitsa ngati galimoto ili ndi immobiliser, chipangizo chokaniza injini kulira popanda chip, koma chitseko imatsekula, ndipo imakwana m'kachikwama ka ndalama. Ndinkawachenjezanso za galimoto zomwe zimadzikiya zokha pakapita masekondi pafupifupi 30 ukatsekula ndi rimoti osatsegula chitseko cha m'mbali. Kwa onse omwe anali ndi ana ndinawonjezera kuti makiyi azikhala m'thumba, asamapite m'manja mwa mwana. Atatu anadulitsa.

Loweruka ndinatumiza uthenga kwa mnzanga woyendetsa thiraki ya ku Joni kuti andigulire kathumba kopopa ndi ndalama zanga. Kobooka kaja kakadali pamsomali kuseri kwa chitseko cha ofesi.