Ng'ombe zanga ziwiri zinapulumutsidwa ndi ndalama ya 20 meticais

Mfuti yanga ndi Brno ZKK 601 ya .308, yopangidwa ku Czechoslovakia dzikolo lisanagawike pawiri. Inali ya malume anga, ndipo maso awo atayamba kuchita mdima tinapita limodzi kupolisi kuti ilembedwe m'dzina langa. Kwathu ndi ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, kumene ndimalima chimanga ndi mbatata ya kachewere. Koma nyengo yosaka ikatsegulidwa, kuyambira Epulo mpaka Novembala, ndimatsikira kuchigwa cha Zambezi kukagwira ntchito pakampani ina ya alenje m'dera la Tchuma Tchato, ntchito ija inayambira ku Bawa m'zaka za m'ma 1990 kuti eni mudzi azipindula nawo ndi nyama za m'tchire mwawo. Ine ndimalondola mapazi, ndipo nthawi zina amandituma kukawombera nswala kapena njiri ya ndiwo za pamsasa, malinga ndi chiwerengero chomwe kampani yaloledwa.

Chaka chatha mfutiyi inandivula. Nswala inaima chammbali pamtunda wosapitirira mamita 120, ine n'kuilasa pamimba m'malo mwa paphewa. Tinaitsata maola atatu padzuwa la Okutobala. Madzulo ake mlendo wina wa ku South Africa anandibwereka mfuti yake, yochita kumupangira mmisiri poyeza kutalika kwa mkono wake, ya 6.5 Creedmoor. Zipolopolo zitatu zinaboola pepala mabowo ake n'kugundana. Ndinakwera kumapiri mtima utatsalira pamfuti ija.

Choyamba ndinafunsa mtengo. Mlendoyo anandilumikizitsa kwa mmisiri wake pa WhatsApp, ndipo nditasintha marandi kukhala meticais ndinapeza kuti ndigulitse ng'ombe ziwiri ndi mbatata ya dimba lonse, sikopu (galasi lolozera patali) isanawerengedwe. Kudikira kwake miyezi, chifukwa mfuti yotere saitola pashelefu: chitsulo chotsekera chipolopolo amagula kwina, mpope kwina, thabwa n'kuumba payekha. Mayi a kunyumba anamvetsera zonsezi akusenda mbatata, kenako anangofunsa kuti, "Abambo ake, nswalayo ikamafa imadziwa mtengo wa mfuti?" Sindinayankhe. Ndinangoti ndikafunse kaye za mapepala.

Ndinakwera chapa m'mamawa kupita mumzinda wa Tete, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, makilomita opitirira 200, n'kuwoloka mlatho wa Samora Machel jekete ndili nalo m'manja chifukwa Tete salola munthu wa ku Angónia kuvala ziwiri. Nkhani za mfuti kuno zimayendera lamulo la boma lotchedwa Decreto 8/2007, ndipo mwini wake ndi polisi. Ndinatenga BI (chitupa cha unzika), chiphaso cha mfuti ndi mafunso awiri. Loyamba: ndikafuna mfuti yatsopano yochokera kunja? Yankho linali lakuti ndiyambirenso njira ija ndinayenda ndi malume, registo criminal (kalata yoonetsa ngati unapalamulapo mlandu), kalata ya dokotala, zithunzi, kuwonjezapo chilolezo choilowetsera m'dziko, pomwe ku South Africa nakonso payenera kutuluka chilolezo cha polisi yawo choitulutsira. Lachiwiri: nanga ndikakonzetsa yakaleyi? Apa mpamene ndinaphunzira malire ake. Nambala ndi kalibala (saizi ya chipolopolo) zolembedwa papepala ziyenera kufanana ndi zimene zili pachitsulo. Kusintha mpope kapena kalibala si nkhani yopangana ndi mmisiri pansi pa mtengo ayi, uyambe wapempha. Kutsuka, kumanga zomasuka, kukonza thabwa ndi kusintha sikopu sizikhudza zolembedwazo.

Ndisanachoke m'tauni ndinafunsafunsa za zipolopolo, ndipo apa chilakolako changa chinayamba kuzirala. Kalibala ya .308 Winchester ilipo kuyambira 1952, alenje ambiri a m'chigawo chino cha Africa amaidziwa. Ya 6.5 Creedmoor inatuluka mu 2007, ndipo kumene ine ndinafunsa anati achite kuitanitsa. Mfuti yolasa bwino chotani, ikasowa chipolopolo ndi ndodo yolemera chabe. Ndikanatha kupangitsa yatsopano ya .308 yomweyo, inde, koma ndiye ndikanakhala ndi mfuti ziwiri za ntchito imodzi.

Mnzanga wa kumsasa ananditengera kwa madala ena amene amakonza mfuti za makampani a alenje, ndipo ali ndi mapepala a ntchitoyo. Ndinawafotokozera za nswala ija, ndi za mfuti ya mlendo. Iwo sanachite nazo chidwi. Anatsegula mfuti kuona kuti mulibe kanthu, n'kunena kuti, "Mwana wanga, tapatseni ndalama ya pepala." Ndinatulutsa ya 20 meticais, ndikuganiza kuti ndi ya fodya. Iwo anaikulunga pansi pa mpope n'kuyamba kuikokera cha kumbuyo, pakati pa chitsulo ndi thabwa. Inayenda pang'ono n'kukakamira mbali ya kumanzere.

Kufotokoza kwawo ndi kumene kunandikhalitsa pansi. Mfuti ikalira, mpope umanjenjemera ngati nsambo ya bangwe, ndipo kuti zipolopolo zigwere pamodzi uyenera kunjenjemera mofanana nthawi zonse. Thabwa likaukhudza, limausokoneza. Tsono thabwa ndi mtengo, limamwa chinyezi. Mfuti yanga imakhala dzinja lonse ku Angónia, kumvula ndi nkhungu, thabwa n'kufufuma. Ndimaiyesa kumeneko n'kukhutira. Kenako ndimatsika nayo kuchigwa kumene mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, thabwa n'kuuma, n'kupindika pang'ono, n'kumakankha mpope mbali ina. Malume sankaona vutoli chifukwa ankasaka nguluwe komweko kumapiri, pafupi, mtunda wa gogodera.

Sizinathere pomwepo. Maparafuzo omanga chitsulo kuthabwa, amene abale athu a ku Malawi amati masikuluwu, anali olobodoka moti madala anawapotokola ndi zala ziwiri. Sikopu yanga, yomwe ndinagula motchipa zaka zapitazo, anaigwedeza pafupi ndi khutu langa, ndipo ndinamva kanthu kakugogoda m'kati. M'mpope munali mkuwa womatirira umene zipolopolo zimasiya, chifukwa ine kutsuka kwanga kunali kupititsamo kansalu ka mafuta basi. Chinthu chimodzi anachiyamikira: pakamwa pa mpope, pomwe chipolopolo chimatulukira, panalibe bala. Anati pakanakhala pophwanyika tikanayamba kukamba zina.

Ndinawasiyira mfuti milungu iwiri. Anapala m'ngalande ya thabwa mpaka ndalama ija inadutsa osakodwa, n'kupakamo vanishi kuti chinyezi chisalowenso. Pamene chitsulo chimakhalira anathirapo guluu wa epoxy kuti chigone pamalo amodzi osasuntha. Anatsuka mkuwa. Ine ndinagula sikopu yabwinoko ya 3-9x40 ndi zomangira zake zachitsulo, zolowa m'mipata ija imene a Brno anasema pamwamba pa mfutiyo. Sikopuyo ndiyo inadya ndalama zambiri, ndipo ndikanati ndibwerezenso ndikanayambira pomwepo. Zonse pamodzi zinakwana ndi matumba angapo a mbatata.

Kuyesa tinakachitira pabwalo lowomberapo la kumsasa, pamamita 100, mfuti itagona pamatumba a mchenga. Madala anakana zoti tiwombere zitatu ngati mlendo uja. Anati zitatu zimanama, tiwombere zisanuzisanu, mpope uzizizira pakati. Ndisanawasiyire mfuti tinali titayesa kale, ndipo mabowo asanu anamwazikana masentimita 9. Tsopano anabwera pa masentimita 6. Ndinakhumudwa, chifukwa anthu a mfuti zopangitsa amanyadira MOA imodzi, kutanthauza mabowo omwazikana pafupifupi masentimita 2.9 pamtunda umenewu.

Apa madala anandichita chipongwe chimene sindidzaiwala. Anandiuza kuti nditembenuke, iwo n'kuika okha zipolopolo, ndipo pakati pake anabisamo chimodzi chabodza chopanda wonga. Nditafika pa chimenecho, mfuti inangoti khethe, koma mphuno yake inagwa pansi ngati ndaponda minga. Anyamata a pamsasa anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndiye kuti zaka zonsezi ndinkatsinzina ndi kukankha phewa chipolopolo chisanatuluke, poopa kugunda kwa mfuti. "Ichi ndiye ku Johannesburg sagulitsa," anatero madalawo. Atagona iwo pamatumba omwewo, zisanu zawo zinalowa m'masentimita 3.5.

Mankhwala ake anali otopetsa. Madzulo alionse, mfuti ilibe kanthu, ndinkaloza kachitsa n'kumafinya triga pang'onopang'ono, ndalama yachitsulo ili pamwamba pa mpope. Ikagwa, kuyambiranso. Patatha mwezi ndinafika pa masentimita 4. Tinayesanso zipolopolo za mitundu iwiri, ndipo mfutiyi inakonda zolemera 165 grain kuposa za 150, choncho ndimagula zomwezo osasinthasintha.

Kodi mfuti ya mlendo ija ikanaposa pamenepa? Ikanaposa, sindikana, makamaka kwa munthu wopikisana pa mamita 600 kapena kupitirira. Koma m'tchire la mitsanya nyama siioneka patali chotero, ndipo malo ophera nswala ndi aakulu ngati mbale ya ndiwo. Ine sindiwombera kupitirira mamita 150.

Chatsala ndi chimodzi. Madala atasuzumira m'mpope ndi kagalasi kawo anati kumayambiriro kwake, kumene moto umawotcha kwambiri, kwayamba kudyeka, ngakhale kuti pa mawomberedwe angawa utha kundisunga zaka zambiri. Tsiku lomwe mabowo adzayambenso kumwazikana popanda chifukwa, ndidzakweranso chapa kukapempha chilolezo cha mpope watsopano wa .308 yomweyo. Pakadali pano, ndikangofika kuchigwa ndimaisiya mfuti masiku awiri kuti izolowere kutentha, ndimadutsitsa ndalama ya pepala pansi pa mpope, kenako zisanu papepala ndisanalowe m'tchire. Ya 20 meticais ija madala sanandibwezere.