Joni mpaka Sydney: popita maola 12, pobwera 14

Pakati pa Johannesburg ndi Sydney, ku Australia, pali makilomita pafupifupi 11,000. Ndege ya Qantas ikanyamuka pa bwalo la ndege la OR Tambo kuno ku Joni imatha maola pafupifupi 12 kuti ikatere, koma pobwera kuno imatha 14. Mtunda ndi womwewo, ndiye kusiyanaku kukuchokera pati? Ili ndi funso lomwe aphunzitsi anatipatsa sabata ino ku sukulu yomwe ndikuphunzirako ntchito yogulitsa matikiti a ndege, ndipo landikoma kuposa phunziro lina lililonse.

Gwero lake ndi mphepo. Kumwamba komwe ndege zimadutsa, makilomita 10 kapena 11 kuchokera pansi, kuli mkuntho wotchedwa jet stream. Umawomba kuchokera kumadzulo kupita kummawa, nthawi zina kupitirira makilomita 200 pa ola. Ndege yopita ku Sydney imakankhidwa kuchokera kumbuyo, yobwera kuno imalimbana nawo. Amene anapalasapo bwato panyanja mwera ukuwomba akudziwa kusiyana kwa kulowera ku Nkhata Bay ndi kubwerera ku Nkhotakota.

Njira yakenso siyomwe maso amaona pa mapu a pakhoma. Pamenepo umaganiza kuti ndege ingolunjika kummawa. Koma dziko ndi lobulungira, ndipo ukakoka ulusi pampira wosonyeza dziko lapansi kuchokera ku Johannesburg kufika ku Sydney, ulusiwo umatsetserekera kummwera kwenikweni, pamwamba pa nyanja yokhayokha. Pobwera, oyendetsa amatsikanso kummwera kwambiri pozemba mphepo ija, moti masiku ena apaulendo amaona madzi oundana a kufupi ndi Antarctica pazenera.

Pomwe ndakhalitsa kwambiri ndi pa wotchi, chifukwa apa ndi pomwe munthu wogula tikiti amasokonezeka. Sydney ili patsogolo pathu ndi maola 8, ndipo kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Epulo amakhala 9 popeza iwo amasuntha wotchi. Tikiti imalemba nthawi ya komwe ukunyamukira ndi ya komwe ukukatera, osati maola a m'ndege. Tiyerekeze wanyamuka kuno 6 koloko madzulo mu Juni. Ukatera mawa lake 2 koloko masana, ndiye pepala likuoneka ngati maola 20. Pobwera wanyamuka 10 koloko mmawa, wafika kuno 4 koloko madzulo tsiku lomwelo, ngati maola 6 okha, chikhalirecho wakhala pampando maola 14, miyendo itatupa. Ulendo wautali ndi womwe ukuoneka waufupi.

Izi sindikuzitenga mopepuka ayi. Amalawi ambiri kuno anazolowera basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, kapena ndege ya ku Lilongwe yomwe imatha maola awiri ndi theka, ndipo m'njira monsemo wotchi sisintha. Ndiye taganizani mayi amene akupita koyamba kukaona mwana wake ku Australia, ali ndi mankhwala a shuga ofunika kumwa pa nthawi yake. Ndikangomuwerengera zomwe zalembedwa pa tikiti ndamupweteka. Ndiyenera kumulembera papepala lina: maola a m'ndege ndi awa, mukamatera, kwathu idzakhala nthawi yakuti, ndipo a ku Lilongwe asadere nkhawa foni ikakhala yozima usiku wonse.